Kukwera linga la Edinburgh ndi kutsika m'mudzi wake wakale

Munthu amene watsika sitima pa siteshoni ya Waverley, pakati pa mzinda wa Edinburgh ku Scotland, akangotuluka panja n'kuyang'ana chakumadzulo amaona thanthwe lakuda litaima pakati pa nyumba, ndipo pamwamba pake pali makoma amiyala ooneka ngati anachita kumera pathanthwe pomwepo. Limeneli ndilo linga la Edinburgh, limene eni ake amalitcha Edinburgh Castle. Ganizo lomanga linga pamalo okwera si lachilendo kwa ife, pakuti makolo athu nawonso ankathawira m'mapiri ndi kumanga malinga m'masiku a nkhondo ndi ogula akapolo. Kusiyana kwake n'kwakuti linga ili ndi lamiyala, linali nyumba ya mafumu kwa zaka mazana ambiri, ndipo mudzi umene unamera pakhomo pake ndiwo unakula n'kukhala likulu la dziko.

Alendo ambiri amakwera mothamanga, kujambula zithunzi pamakoma, kenako n'kubwerera kubasi, ndipo amachoka asanamvetse chimene aona. Ine ndimakhulupirira kuti linga ndi mudzi wake ziyenera kuonedwa pamodzi tsiku limodzi, chifukwa thanthwe ndilo linalamula kumene misewu idutse, kutalika kwa nyumba, ngakhale kumene anthu azitunga madzi. Malangizo awa akutsata dongosolo limenelo: muyambe mwaliona thanthwe muli m'munsi, mukwere m'mawa, ndipo masana mutsike ndi msana wa phiri mpaka kumapeto kwa mudzi.

Zokonzekera musananyamuke

Amene akuchokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique ayenera kukhala ndi viza ya alendo yolowera ku Britain, ndipo ndi bwino kuipempha nthawi ikadalipo. Amene akukhala kale ku Britain ulendo wawo ndi wapafupi: sitima yochokera ku King's Cross ku London imayenda maola pafupifupi anayi ndi theka, ndipo yochokera ku Glasgow siikwanitsa ola lathunthu.

Tikiti yolowera mulinga mugule pa intaneti masiku angapo lisanafike tsiku la ulendo. Lingali limayang'aniridwa ndi bungwe la Historic Environment Scotland, ndipo tikiti iliyonse imakhala ndi nthawi yake yolowera. M'miyezi yotentha matikiti amatha, moti munthu angathe kukwera mtunda wonse n'kubwezedwa pachipata. Sankhani nthawi yoyambirira, 9:30 m'mawa pamene chipata chimatsegulidwa, ndipo pogula muonenso ngati pali zipinda zimene zatsekedwa chifukwa cha ntchito yokonza. Lingali limatsekedwa pa 25 ndi 26 Disembala, ndipo nthawi zina limatsekedwa mwadzidzidzi mphepo ikachuluka.

Za nyengo ndinene mosabisa. Pamwamba pa thanthwe pamaomba mphepo yozizira ngakhale mu Julayi, ndipo mvula imagwa mosachenjeza. Ambulera sathandiza kwenikweni chifukwa mphepo imamutembenuza, choncho mutenge jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa chake. Nsapato zikhale zafulati, zokhala ndi mapazi ogwira bwino, pakuti njira zonse mulinga ndi m'mudzi ndi za miyala yoyala imene imaterera ikanyowa. Ulendo wanga woyamba ndinavala nsapato zachikopa zopitira kutchalitchi, ndipo theka la tsiku ndinalithera poyang'ana pansi m'malo moyang'ana makoma. Mu Juni kumada cha m'ma 10 koloko usiku, koma mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, choncho ulendo wa m'nyengo yozizira umafuna kufulumira. Mwezi wa Ogasiti mzinda umadzaza ndi zikondwerero, malo ogona amakwera mtengo kwambiri, ndipo pabwalo la kutsogolo kwa linga pamamangidwa mipando italiitali ya chionetsero cha asilikali cha Royal Edinburgh Military Tattoo, chimene chakhala chikuchitika kuyambira 1950. Ngati mungathe kusankha, Meyi kapena Seputembala ndi miyezi yabwino.

Yambani muli m'munsi

Musanakwere, patulani theka la ola loyenda m'munda wa Princes Street Gardens, umene uli kumpoto kwa thanthwe. Pafupi ndi chipilala chachitali cha Scott Monument mupeza chiboliboli cha David Livingstone, chimene chinaikidwa mu 1876, chaka chomwe mpingo wa Church of Scotland unakhazikitsa misoni ya Blantyre. Mukachiona mupitirire chakumadzulo mpaka mutafika patsinde penipeni pa thanthwe, n'kukweza maso.

Thanthweli ndi chiphalaphala chimene chinauma pakhosi pa phiri lophulika zaka pafupifupi 350 miliyoni zapitazo. Patapita nthawi yaitali, madzi oundana anaphimba dziko lonselo n'kumayenda pang'onopang'ono kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, akukokolola nthaka ndi miyala yofewa. Thanthwe lolimbali anangolizungulira, ndipo nthaka ya kuseri kwake inatsala ngati mchira wautali wotsetsereka chakum'mawa. N'chifukwa chake mbali zitatu za linga ndi maphompho otalika mamita pafupifupi 80, ndipo njira yolowera ndi imodzi yokha, ya kum'mawa. Mudzi wakale unamangidwa pamchira umenewo. Mukamvetsa zimenezi muli m'munsi, zonse zimene muone tsiku limeneli zikhala zomveka.

Munda umene mwaimamowu kale unali nyanja yaing'ono yotchedwa Nor Loch, imene inapangidwa m'zaka za m'ma 1400 kuti itchinge adani ochokera kumpoto. Popita nthawi inasanduka dzala la zonyansa za m'mudzi, ndipo anaiphwetsa pamene ankamanga mzinda watsopano wa New Town, umene mapulani ake anavomerezedwa mu 1767. Yang'ananinso phompho la kumpotoli bwinobwino, pakuti mu Malichi 1314 Thomas Randolph, mphwake wa mfumu Robert the Bruce, anakwera thanthweli usiku ndi amuna pafupifupi 30 n'kulanda linga m'manja mwa Angelezi, amene analitenga mu 1296. Mbiri imati amene anawatsogolera anali munthu amene anakhalapo mulingamo ali mnyamata, ndipo ankatsika njira yomweyo usiku kukacheza ndi bwenzi lake m'mudzi.

Kukwera ndi kulowa pachipata

Kuchokera m'munda, kwerani msewu wa The Mound. Panjira muona nyumba ya nsanja ziwiri zakuda, New College, imene inamangidwa ndi mpingo wa Free Church of Scotland, womwe unatumiza amishonale a Livingstonia mu 1875. M'kati mwa mpanda womwewo muli holo imene msonkhano waukulu wa Church of Scotland umachitikiramo chaka ndi chaka. Mkhristu wa CCAP akadutsa pamenepa ndi bwino aime pang'ono, pakuti mizu ya mpingo wake ili pano. Kuchoka apo, kamsewu ka Ramsay Lane kakufikitsani pa Castlehill, ndipo mukakhotera kumanja mufika pabwalo lalikulu lotchedwa Esplanade. Mtunda wake ndi wowawa koma ndi waufupi, ndipo munthu woyenda mosathamanga amatenga mphindi 15 kapena 20 kuchokera kusiteshoni.

Pangodya ya bwaloli, kumanja polowa, pakhoma pali kampopi kachitsulo kamene anthu ambiri amakadutsa osakaona. Kamatchedwa Witches' Well, ndipo ndi chikumbutso cha anthu, makamaka amayi, amene anawotchedwa pamalo ano atawaganizira kuti ndi mfiti. Lamulo la Scotland lopha oganiziridwa ufiti linakhazikitsidwa mu 1563 ndipo linathetsedwa mu 1736. Ndimakupemphani kuti muime pamenepa kamphindi, chifukwa nkhani ya agogo okalamba onamiziridwa ufiti ife sitiimva ngati mbiri yakale.

Chipata choyamba si chakale monga chionekera, pakuti chinamangidwa mu 1888, ndipo ziboliboli za Robert the Bruce ndi William Wallace, ngwazi zomenyera ufulu wa Scotland, zimene zili mbali zake ziwiri zinaikidwa mu 1929. Tikiti yanu ikhale yokonzeka pafoni kapena papepala. Zikwama zimayang'anidwa, ndipo masutikesi ndi zikwama zikuluzikulu saloledwa, choncho katundu mumusiye kumene mwagona. Ngati muli ndi munthu wachikulire kapena wovutika kuyenda, uzani ogwira ntchito pabwalo, pakuti pali galimoto imene imanyamula anthu otere mpaka pamwamba. Palinso makina omvera m'makutu ofotokoza mbiri ya malo aliwonse, amene amalipiridwa padera, ndipo ndi othandiza kwa amene akuyenda yekha.

Mukadutsa chipata chachiwiri, Portcullis Gate, kwezani maso muone nsonga za chitseko chachitsulo chimene ankachigwetsa kuchokera pamwamba adani akafika. Mukangotuluka pansi pake, khamu lonse limakhamukira kumanja kumene kuli mizinga ndi malo oonera mzinda. Inu musawatsate. Kumanzere kuli makwerero 70 otchedwa Lang Stairs, amene akutsata njira yakale yokwerera pamwamba, ndipo ngati mawondo anu ali bwino kwerani amenewo. Amene sangathe atsate msewu wokhota umene umakalowera pa Foog's Gate. Cholinga n'chakuti mufike pamwamba mzere wa anthu usanatalike.

Pamwamba penipeni

Lunjikani ku bwalo la Crown Square, limene lazunguliridwa ndi nyumba zinayi, ndipo muyambe ndi chipinda chosungiramo zizindikiro zaufumu wa Scotland: chisoti, ndodo yachifumu ndi lupanga. Ndodo inali mphatso ya Papa Alexander VI mu 1494, lupanga linachokera kwa Papa Julius II mu 1507, ndipo chisoti chinasulidwanso mu 1540 m'masiku a mfumu James V. Zitatuzi zinagwiritsidwa ntchito pamodzi koyamba mu 1543 polonga ufumu Mary, Queen of Scots, ali khanda la miyezi isanu ndi inayi. Pamene asilikali a ku England otsogozedwa ndi Oliver Cromwell analowa mu Scotland, anthu anazizembetsa n'kukazikwirira pansi pa tchalitchi cha kumudzi wa Kinneff. Scotland itaphatikizana ndi England mu 1707, zinatsekeredwa m'bokosi lalikulu lamatabwa mulinga muno ndipo zinakhala momwemo mpaka 1818, pamene wolemba mabuku Walter Scott ndi anzake anapatsidwa chilolezo chothyola bokosilo. M'chipindamu saloleza kujambula. Ngati munamva za mwala umene ankalongerapo mafumu, Stone of Destiny, dziwani kuti suli muno tsopano: unabwezedwa kuchokera ku London mu 1996, unakhala m'chipinda chino zaka zambiri, koma mu 2024 unasamutsidwira ku nyumba yosungiramo zakale ya mumzinda wa Perth.

M'nyumba yomweyo ya mafumu muli kachipinda kamene mfumukazi Mary anaberekeramo mwana wake pa 19 Juni 1566. Mwanayo ndiye anadzakhala James VI wa Scotland, ndipo mu 1603 analowanso ufumu wa England. Chimene chimadabwitsa ndi kuchepa kwa kachipindako, kamene anthu ochepa chabe akalowamo kamadzaza. Mfumukaziyo inasiya nyumba yake yabwino ya Holyroodhouse, kumunsi kwa mudzi, n'kudzachirira muno chifukwa miyezi itatu m'mbuyomo mlembi wake David Rizzio anaphedwa pafupifupi pamaso pake, ndipo inafuna makoma odalirika.

Holo yaikulu, Great Hall, inamalizidwa mu 1511 m'masiku a James IV. Zokongoletsa za m'makoma zambiri ndi za m'zaka za m'ma 1800, koma denga lamatabwa ndi lenileni lakale, ndipo ndilo muyenera kuliyang'anitsitsa: mitanda ikuluikulu yolumikizana mwaluso popanda nsanamira pakati. Pamwamba pa malo osonkhapo moto, chakumanja, pali kazenera kotchinga ndi zitsulo kamene mfumu inkamvetserapo zimene nduna zake zikukambirana. Moyang'anizana ndi holoyi pali nyumba yokumbukira asilikali a Scotland amene anafa pankhondo, yotsegulidwa mu 1927. M'katimo muli mabuku a mayina, ndipo anthu amabwera kudzafufuza dzina la agogo awo. Muvule chipewa, mutsitse mawu, ndipo foni ikhale m'thumba.

Mukatuluka m'bwaloli pitani ku kachisi wamng'ono wa St Margaret's Chapel, amene ali pansonga ya thanthwe. Iyi ndiyo nyumba yakale kuposa zonse mu Edinburgh, ndipo kwa ine ndiyo mtima wa ulendo wonse. Mfumu David I anaimanga cha m'ma 1130 pokumbukira mayi ake, mfumukazi Margaret, amene anamwalira mulinga muno mu 1093 patangopita masiku ochepa mwamuna wawo Malcolm III ndi mwana wawo wamkulu ataphedwa kunkhondo. Randolph atalanda linga mu 1314, Bruce analamula kuti ligwetsedwe lonse kuti Angelezi asadzaligwiritsenso ntchito, koma kachisiyu anamusiya. Pambuyo pake anasanduka nkhokwe ya wonga wa mfuti ndipo anthu anaiwala chimene anali, mpaka pamene anazindikiridwanso mu 1845. M'katimo mumakwana anthu pafupifupi 20 okha. Makoma ake ndi ochindikala, mazenera ndi ang'onoang'ono, ndipo pakhomo lolowera kuguwa pali miyala yosemedwa mokhotakhota ngati mano a sowo, ntchito ya amisiri a zaka pafupifupi 900 zapitazo. Maluwa amene muwapeze paguwa amaikidwa ndi gulu la amayi amene onse dzina lawo ndi Margaret. Dikirani panja mpaka gulu limene lili m'kati lituluke, kuti mulowe muli ochepa ndipo mukhale pansi mphindi zingapo.

Pakhomo pa kachisiyu pali mzinga waukulu wotchedwa Mons Meg, wolemera matani pafupifupi asanu ndi limodzi. Unasulidwa mu 1449 ku Mons, m'dziko limene lero ndi Belgium, ndipo unaperekedwa kwa mfumu James II mu 1457. Unkaponya mwala wolemera makilogalamu 150 mtunda wa makilomita atatu, koma kulemera kwake kunkachititsa kuti kuusuntha kukhale ntchito ya amuna ambiri ndi ng'ombe. Miyala yake yobulungira ili pambali pake, ndipo mng'alu umene unachitika pamene unaphulika cha m'ma 1680 ukuonekabe. Mukasuzumira kuseri kwa khoma pamenepo muona kamunda kakang'ono ka manda a agalu a asilikali.

Musachoke pamwamba musanaone chitsime cha Fore Well, pafupi ndi khoma lokhota la Half Moon Battery. Chitsimechi chinakumbidwa m'thanthwe mamita oposa 30, ndipo nkhani yake ikusonyeza kufooka kwa linga lililonse la paphiri. Kuyambira 1571 mpaka 1573, Sir William Kirkcaldy wa ku Grange anagwira linga m'dzina la mfumukazi Mary, amene panthawiyo anali atachotsedwa pampando. Adani ake analizinga pafupifupi zaka ziwiri osaligonjetsa, kufikira mizinga yochokera ku England itafika mu 1573. Mizingayo inagwetsa nsanja yaikulu ya David's Tower, zibuma zake zinatseka chitsime, ndipo patangopita masiku ochepa asilikali anagonja. Kirkcaldy ananyongedwa m'mudzi chaka chomwecho. Khoma lokhota limene mwaimapo linamangidwa pamwamba pa mabwinja a nsanjayo, ndipo zotsala zake zikadali pansi pa mapazi anu.

Ndende ndi mzinga wa 1 koloko

Potsika, lowani m'zipinda zapansi pa holo yaikulu zimene zinali ndende ya akaidi ogwidwa pankhondo m'zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa 1800. Munkasungidwa amalinyero ndi asilikali a ku France, Spain, Netherlands ndi America. Zipindazo zakonzedwa monga zinalili, ndi machira ogonamo olendewera ndi zovala zoyanikidwa. Yang'anitsitsani zitseko zakale zamatabwa, pakuti akaidi anazokotapo mayina awo, zombo, ngakhale mbendera ya America m'maonekedwe ake oyambirira. Ena ankasema tinthu tokongola ndi mafupa a nyama imene ankadya n'kumagulitsa kwa anthu a m'mudzi. Mu 1811 akaidi 49 anaboola khoma n'kutsika phompho ndi zingwe, ndipo bowolo likuonekabe.

Nthawi ikamayandikira 12:40, pitani ku Mills Mount Battery, kumpoto kwa linga, kuti mupeze malo abwino. Tsiku lililonse kupatula Lamlungu, Lachisanu Loyera ndi tsiku la Khrisimasi, msilikali amaomba mzinga 1 koloko yeniyeni. Mwambowu unayamba mu 1861 pofuna kuthandiza oyendetsa zombo padoko la Leith kukonza mawotchi awo. Poyamba ankadalira mpira umene unkagwetsedwa pansanja ya paphiri la Calton Hill, koma nkhungu ikagwa sunkaoneka, ndiye anaganiza za chizindikiro chomveka ndi makutu. Phokoso lake ndi lalikulu kuposa mmene mungaganizire, choncho ana aang'ono muwatseke makutu. Podikira, gwiritsani ntchito nthawiyo poyang'ana kumpoto: pansi panu pali misewu yowongoka ya New Town, kupitirira apo nyanja ya Firth of Forth, ndipo kutsidya kwake mapiri a Fife.

Kutsika m'mudzi

Mzinga ukalira, tulukani. Chakudya cha mulinga ndi cha m'misewu yoyandikana nalo n'chokwera mtengo, ndipo amene watenga kamba wake sanalakwe. Ngati mukufuna kukhala pansi, tsikani makwerero a Castle Wynd kupita ku Grassmarket, bwalo limene linali msika wa ziweto kuyambira 1477, komanso malo onyongerapo anthu. Pamenepa pali chikumbutso cha Akhristu a chipresibateriyani otchedwa Covenanters, amene anaphedwa pakati pa 1661 ndi 1688 chifukwa chokana kuti mfumu ilamulire mpingo. Kumadzulo kwa bwaloli kuli makwerero a The Vennel, ndipo mukawakwera muona linga lonse bwino kuposa pena paliponse, komanso chigawo cha khoma la Flodden Wall, limene anthu a m'mudzi anamanga mwamantha James IV atagonja ndi kuphedwa ndi Angelezi mu 1513. Mubwerere kumtunda kudzera mu Victoria Street.

Msewu waukulu wa mudzi wakale, Royal Mile, ndi wotalika makilomita pafupifupi 1.8, ndipo umatsika ndi msana wa phiri kuchokera pachipata cha linga mpaka ku nyumba yachifumu ya Holyroodhouse. Mbali zake zonse ziwiri kumachoka tinjira topapatiza totsetsereka, moti mudzi wonse umaoneka ngati msana wa chambo ndi minga yake. Tinjirati eni ake amatitcha close, ndipo kalikonse kali ndi dzina lake pamwamba pa khomo. Langizo langa lalikulu pa gawo ili n'lakuti musamangoyenda pakati pa msewu, pamene pali masitolo a alendo okhaokha. Lowani m'tinjira tosachepera tinayi kapena tisanu. Advocate's Close ili ndi makwerero otsika kwambiri ndi malo oonera New Town, ndipo pamitu ya zitseko zina zakale pali zaka ndi mawu otamanda Mulungu ozokotedwa pamwala. Kumbukirani kuti m'nyumbazi mukukhalabe anthu, choncho musasuzumire m'mazenera kapena kutsekereza makomo.

Popeza mudzi unapanikizidwa pakati pa nyanja, zigwa ndi khoma, anthu atachuluka analibe kofutukulira koma kumwamba. Nyumba zina zinafika nsanjika khumi ndi kupitirira, ndipo olemera ndi osauka ankakwera makwerero amodzi: olemera m'nsanjika zapakati, osauka pansi penipeni ndi kudenga. Madzi ankatungidwa pazitsime za mumsewu, zimene zina zikadalipo ngati timabokosi tamiyala, ndipo zonyansa zinkatayidwa pazenera usiku. Kuti muone mmene moyo unalili m'kati, lowani mu Gladstone's Land pa Lawnmarket, nyumba ya nsanjika zisanu ndi imodzi imene wamalonda Thomas Gledstanes anagula mu 1617, yomwe denga la zipinda zake likadali ndi zojambula za maluwa ndi zipatso za nthawi imeneyo. Pansi pa nyumba ya khonsolo ya mzinda palinso Mary King's Close, kanjira kamene kanakwiririka pomanga nyumba zatsopano, ndipo kumalowedwa ndi wotsogolera pa tikiti yapadera. Pa ziwirizi musankhe chimodzi, pakuti nthawi siingalole zonse.

Pakati pa msewu pali tchalitchi cha St Giles, chodziwika ndi nsanja yake yooneka ngati chisoti chachifumu. Chinayambika cha m'ma 1124, ndipo John Knox, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo ku Scotland, anali m'busa wake kuyambira 1559. Chiboliboli chake chili m'kati, koma manda ake ali kuseri kwa tchalitchi, pamalo amene lero ndi poimika magalimoto, ndipo amadziwika ndi kachikwangwani ka pansi pa malo a nambala 23. Kutsogolo kwa tchalitchi, m'miyala ya mumsewu, muli chithunzi cha mtima chosonyeza pamene panali ndende yakale ya mudzi. Anthu a kuno ali ndi mwambo wolavulirapo malovu, choncho mupalambalale. Ngati mwatsala ndi mphamvu, msewu wa George IV Bridge ukufikitsani ku National Museum of Scotland, kumene kulowa n'kwaulere, m'dera la sukulu za udokotala kumene Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro ake mu 1941.

Mukapitirira kutsika mufika pamphambano ya St Mary's Street, ndipo muyang'ane pansi. Timiyala tamkuwa tokhomedwa mumsewu tikusonyeza pamene panali chipata cha Netherbow, chimene chinagwetsedwa mu 1764. Apa ndi pamene mudzi wa Edinburgh unkathera, ndipo wolowa ankalipira msonkho, moti osauka ambiri sankatuluka n'komwe. N'chifukwa chake malowa amatchedwa World's End, kutanthauza mathero a dziko. Kumunsi kwake ndi Canongate, umene unali mudzi wina woima pawokha mpaka 1856, ndipo muona kuti msewu wadekha, nyumba zafupika, ndipo kuseri kwake kuli minda. Kanjira ka Dunbar's Close kali ndi munda wabata wokhala ndi mabenchi, umene ndi malo abwino opumulirapo miyendo.

Msewu umathera pa nyumba ziwiri zoyang'anizana. Kumanja kuli nyumba ya malamulo ya Scotland, yotsegulidwa mu 2004, ndipo kutsogolo kuli Holyroodhouse, kumene mfumu ya Britain imafikira ikabwera ku Scotland, pamodzi ndi mabwinja a nyumba ya amonke imene David I yemwe uja anaikhazikitsa mu 1128. Mafumu anayamba kukonda kukhala kuno kumunsi chifukwa pathanthwe panali pozizira ndi popanikiza, ndipo mfumu yomaliza kugona mulinga inali Charles I mu 1633. Holyroodhouse ili ndi tikiti yakeyake ndipo imatsekedwa banja lachifumu likakhalapo, choncho ngati mukufuna kulowa muisungire m'mawa wa tsiku lotsatira. Kuchokera pachipata chake kubwerera ku Waverley ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 15 wapansi kudzera mu Calton Road kapena Market Street, ndipo amene miyendo yatopa angadikire basi pa Canongate.